Nyimbo za m'foni ya malemu

Zaka zimene malasha anali pa mtengo, ine ndinali ndi baraka yanga, kashopu kakang'ono, pafupi ndi pokwerera mashapa, maminibasi athu, ku Moatize. Ntchito yanga inali kuthira nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi. Munthu ankangonena kuti akufuna za kutchalitchi kapena zovina, ine n'kumudzazira. Komputadori yanga inali yakale, fumbi la malasha linkalowa mpaka pansi pa mabatani, koma inali isanandichititsepo manyazi. Oyendetsa makamiyau, malole opita ku Malawi, ankanditcha dokotala, ndipo dzinalo sindinalikane.

Msuweni wanga wamkulu ankayendetsa makina okumba pamgodi. Mkazi wake ndi ana anali kumudzi ku Zobue, kumene ankalima mbatata ndi kabichi, ndipo iye ankapita kukawaona mwezi ukatha. Nyimbo kwa ine sankatenga. Ankati zanga zimalira ngati zili m'chitini. M'foni mwake munali pulogalamu imene mnzake wa ku Brazil anamuikira kuntchito, yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo ankainyadira kuposa njinga yake yamoto. Anamwalira atadwala sabata imodzi yokha.

Patapita masabata atatu alamu, mkazi wake uja, anatulukira pabaraka panga, foni ya malemu atayikulunga m'ngodya ya kapulana, chitenje chawo. Lamlungu lotsatira kunali misa ya tsiku la makumi atatu. Anati anthu akachoka kutchalitchi adzadya pakhomo, ndipo ankafuna kuti nyimbo za amuna awo zidzalire pa koluna, sipika yaikulu imene anabwereka kwa akwaya. Kolunayo inkafuna fulashi. Chichokereni maliro, foniyo ankangoyitchaja ndi kumvera, intaneti sanayatsepo, chifukwa sankadziwa poyatsira.

Nyimbo zinalipo zoposa makumi anayi. Zina zinali za Chipwitikizi cha ku Brazil, zina za zinenero zimene mpaka lero sindikuzidziwa. Maina ake alamu sankawadziwa. Ankazidziwa ndi nthawi yake: iyi bambo ankaiika akamasamba, iyi akamakonza njinga, iyi akafuna kuwaseketsa atayambana. Ndinawauza kuti abwerere kumudzi osadandaula, fulashi ndidzabwera nayo ndekha Loweruka. Linali Lolemba.

Tsiku lomwelo ndinalumikiza foni ku komputadori. Nyimbo ndinazipeza, koma zinalibe maina, zinali ndi manambala aataliatali okha. Ndinazikopera, ndikati ndiziyatse, zii. Ndinaziika m'pulogalamu yanga yosinthira nyimbo, ija inali itasinthapo masauzande, iyo n'kungoti siikuzizindikira. Ndinafufuta zilembo za kumapeto kwa dzina n'kulemba mp3, monga ndinkachitira ndi nyimbo zina zovuta. Komputadori inavomera dzinalo, koma phokoso silinatuluke. Lachiwiri ndinabwereka mapulogalamu awiri kwa mnzanga wa ntchito yomweyi. Imodzi inakana, inayo inandibweretsera matenda m'komputadori, tsiku lonse linathera kuyeretsa. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti nyimbozo zinali zokhoma. Zinkalira m'foni imeneyo mokha, mkati mwa pulogalamu imeneyo mokha.

Baraka yoyandikana ndi yanga inali ya bambo wina wachikulire wokonza mawailesi. Ataona ndikutukwana komputadori, anandiuza kuti ndingoyatsa foniyo, nyimbo zizilira, ine ndizijambula pa chipangizo china, monga ankachitira nthawi ya makaseti. Ndinaseka. Maola atatu ndili tcheru, makondakitala akukuwa Tete, Tete panja, kenako ndikapereke zimenezo pamwambo wa munthu amene ankanyoza nyimbo zanga ali moyo? Bamboyo anati chingwe choyenera chilipo ku Tete, phokoso silingalowe. Ndinati ndamva. Sindinapite. Njira imeneyo inkaoneka ya anthu osadziwa, ndipo ine ndinali dokotala.

Pali chinanso chimene sindinachite. Masiku atatu mndandanda wa maina a nyimbo zonse unali pamaso panga, pagalasi la foni. Cholembera ndinali nacho, mapepala analipo. Sindinalembe ngakhale dzina limodzi, chifukwa ntchito yanga sinali yolemba, inali yokopera.

Lachinayi m'mawa ndinaganiza kuti vuto n'lakuti pulogalamuyo yakalamba, ikalandira yatsopano mwina itsegula njira. Ndinagula mamega n'kuyatsa intaneti. Choyamba analowa mauthenga, ambirimbiri, ena opepesa maliro kwa mwini foni yemwe, ena a anthu amene anali asanamve, ofunsa chifukwa chimene sakuyankha. Sindinawawerenge onse. Nditatsegula pulogalamu ya nyimbo, kanthu kanazungulirazungulira pagalasi, kenako panatuluka tsamba loyera lofuna senya, mawu achinsinsi olowera. Mwezi unali utatha osalipira. Foni inali isanadziwe zimenezi, ndinaiuza ndine.

Ndinayesa maina a ana, chaka chobadwa, nambala ya njinga. Ndinapita pachipata cha kuntchito kwa malemu kukafunsa za mnzake wa ku Brazil uja, anandiuza kuti anabwerera kwawo kalekale. Nyimbo zinali momwemo m'foni, malo zinkadyabe, koma mndandanda unapita. Wokonza mawailesi anangondibwereka mpando wake wabwino. Zimenezo zinandipweteka kuposa akanandiseka.

Lachisanu ndinakhala pansi kukumbukira. Maina awiri a nyimbo anabwera bwinobwino, ena theka. Ndinadzaza fulashi ndi nyimbo za ku Brazil zimene ndinkaganiza kuti munthu ngati iye akanazikonda. Loweruka ndinakwera shapa ya ku Zobue. Njira yonse, kudutsa Nkondezi mpaka kuyamba kukwera mapiri, ndinkakonza bodza. Ndikanatha kunena kuti foni yangofa yokha. Mafoni amafa, ndipo palibe akanandifunsa.

Ndinawapeza alamu kuseri kwa nyumba akusankha nyemba za mawa lake. Bodza lija linandithawa nditangokhala pansi. Ndinafotokoza zonse mwa ndondomeko yake, ngakhale za chingwe cha ku Tete. Anamvetsera manja akugwirabe ntchito.

"Ndiye zafufutika?" anafunsa.

"Zilimo, alamu, koma n'zokhoma. Kiyi anali ndi iwowo."

"Si ankalipira mwezi uliwonse? Ndimayesa anagula."

"Ankabwereka, alamu."

Anangoti, "Oho." Sanandikalipire, ndipo ine ndinkalakalaka atandikalipira. Anaitanitsa koluna, n'kunena kuti timve zimene ndabweretsa. Nyimbo ikayamba ankamvera pang'ono n'kupukusa mutu, ine n'kudumphira ina. Tinatero mpaka kumapeto. Ziwiri zokha anagwedezera mutu, zomwe zija ndinakumbukira maina. Lamlungu, anthu atachoka ku misa, panalira nyimbo za kwaya ndi ziwiri zimenezo. Anthu anadya, ena anayamikira koluna. Palibe anadziwa kuti pasowa kanthu, kupatula ife awiri.

Lolemba anandiperekeza kumsewu, kumene makamiyau amandanda podikira mapepala a pamalire. Tili chiimire anayamba kung'ung'udza nyimbo, pakamwa ali chitsekere. Inali ija ya posamba. Anati zina zonse zipite, koma iyi yokha ndiwapezere. Ndinatulutsa foni yanga n'kuwapempha abwereze, ndinawajambula. Sizinakwane mphindi imodzi, ndipo chapakati pamamveka kamiyau ikuliza hutala.

Ndinaifufuza. Ndinamvetsa oyendetsa makamiyau, ndinamvetsa wansembe wina amene anakhalako ku Brazil, onse ankati ikumveka ngati yodziwika koma ayi. Baraka ndinatseka anthu atayamba kudzipezera okha nyimbo, tsopano ndimagulitsa zotchajira ndi magalasi a foni. Masiku ano foni imatha kupeza nyimbo ukangoing'ung'udzira. Ndayesa kangapo ndi mawu a alamu aja. Imandibweretsera nyimbo za kutchalitchi, chifukwa alamu anakulira m'kwaya, nyimbo iliyonse amaikokera kumeneko.

Chaka chatha ndinapita ku Zobue ku ukwati wa mwana wawo wamkazi. Za nyimbo anali asanandifunsenso kwa zaka zambiri, ine ndinangoti ndiwaonetse kuti sindinasiye. Ndinawayatsira zojambula zija. Anamvera mutu uli pansi, n'kupempha ndibwereze, kenako kachitatu. Ndimaganiza kuti andiuza kuti ndileke kudzivutitsa. Iwo anatulutsa foni yawo n'kundipatsa.

"Ndiikireni imeneyo," anatero. "Ine ndinaiiwala mmene imayambira."

Ndinawatumizira pomwepo. Inadutsa nthawi yomweyo, hutala ya kamiyau ndi zonse.