Mkono Umene Amayi Anauchitira Chisoni

Mkono wanga wamanja suwongoka. Unaima chopindika pachigongono ndili ndi zaka khumi, ndipo ndakalamba nawo chomwecho. Anthu akafunsa ndimati ndinagwa pangolo. Si bodza, koma pangolo ija tinagwa awiri.

Zinali m'zaka zimene amuna ankalembedwa usilikali kupita kunkhondo ya azungu. Kumishoni kwathu, cha ku Namitete, ankamanga sukulu, ndipo ngolo ya ng'ombe inkatuta njerwa. Tsiku lina, pochokera ku katekisimu, ine ndi mnzanga wa m'mudzi mwathu tinakwera kumbuyo mozemba. Potsetsereka kudambo ngolo inapendekeka, tonse tinagwera mikono. Wanga unathyoka pamwamba pa chigongono. Wakenso unathyoka pomwepo, kungoti wake unali wamanzere.

Mnzangayo anali wamasiye. Ankakhala ndi amayi ake aang'ono, mayi wa ana asanu, wapakamwa pakuthwa, amene sankadziwa kuti mwana amatopa. Ine ndinali ndekha wotsala mwa ana anayi, enawo anali atagona kumanda. Amayi ankandisunga ngati dzira.

Kuchipatala cha mishoni a Sisitere achizungu anatiwongola mafupa n'kutimanga ndi timitengo ta nsungwi. Atatimasula patatha masabata angapo, mikono yonse iwiri inali yowonda ndi yopindika, yosafuna kutambasuka. A Sisitere anatenga matabwa awiri, nagoneka mkono wa aliyense pathabwa lake, n'kulemba mzere ndi pensulo pomwe mkono walekezera. Kenaka anatipatsa aliyense chitini chokhala ndi chogwirira cha waya.

"Muthiremo mchenga," anawauza amayi anga ndi amayi ake aang'ono a mnzanga. "M'mawa ndi madzulo muthowe chigongono ndi madzi ofunda, mwana anyamule chitini, mkono ulendewere. Adzalira, koma musamuleke. Loweruka lililonse abwere ndidzalembe mzere wina."

Tsiku loyamba ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika pabwalo. Amayi analanda chitini chija n'kuchiponya kuseri kwa nkhokwe.

"Mzungu sanabereke, sadziwa kuwawa kwa mwana," anatero. "Fupa langolumikizana kumene, iye akuti likokedwe? Likathyokanso adzati chiyani?"

Kwathu wodwala sagwira ntchito. Mwana akathyoka n'kumaoneka atasenza kanthu, mudzi wonse umanena mayi wake. Tsono amayi anandimangirira mkono pachifuwa ndi nsalu yawo ya kutchalitchi. Ankandisambitsa, kundidzoza mafuta a nsatsi, kundiwiritsira mbatata. Ine ndinkakhala pakhonde ngati mkazi wa mphunzitsi, mtima uli m'malo.

Ndili pakhondepo ndinkamuona mnzanga akudutsa. Amayi ake aang'ono analibe nthawi yofunditsa madzi. Iwo anangomva kuti mkono uyenera kunyamula, ndiye m'malo mwa mchenga anamupatsa ndowa yeniyeni, yopita nayo kuchitsime. Ankadutsa akulira, mamina ali chuchuchu, madzi akutayikira m'miyendo. Amayi a m'mudzi ankapukusa mitu kuti umasiye ndi woipa. Ine ndinkamuitana.

"Iwe, bwera udye mbatata! Kodi amayi ako aang'onowo akufuna mkono uduke?"

Ankandiyang'ana mwansanje, ndipo nsanje yakeyo inkandikomera kuposa mbatata.

Loweruka amayi ankandimasula nsalu tikayandikira chipatala, n'kundinong'oneza kuti ndikanene kuti ndikunyamula. Ndinkanama bwinobwino, koma thabwa silinkanama nane. Pathabwa la mnzanga mizere inkatsika, sabata lililonse wina pansi pa unzake. Pa langa pensulo inkangoyenda pamzere womwewo mpaka unada bii. A Sisitere anawafunsa amayi katatu. Ulendo wachitatu amayi anakwiya, tinasiya kupitako.

Nsanje inasamukira kwa ine m'nyengo yokolola. Ndinamuona mnzanga ali pamtondo, atagwira musi ndi manja onse, akuuponya m'mwamba n'kuwomba m'manja usanatsike, monga amachitira atsikana odzitama. Ndinathamangira m'nyumba, ndinachotsa nsalu ija n'kuyesa kutambasula. Mkono unangofika pomwe unkafika kale. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse cha iye chinkandiwawa. Akamatula mtsuko pamutu, akamafikira mango panthambi, akamapepeta, ndinkayang'ana chigongono chokha. Potuluka m'tchalitchi iye ankatambasula mkono kupatsa anthu moni, ine ndinkachita kuyandikiza thupi lonse. Ndinayamba kumunena kwa anzathu kuti amanunkha utsi, kuti ali ndi nsabwe. Nsabwe analibe. Ndinakaulula tchimolo kwa ansembe, koma ndikutuluka m'tchalitchi ndinamuona akuyanika nsalu pachingwe, tchimo lija linabwerera pomwepo.

Chondichititsa manyazi n'chakuti ndinkasiriranso amayi ake aang'ono aja. Mayi wolalata, wosaseka ndi mwana, ine ndinkamufuna. Amayi anga akandiitana kuti andidzoze mafuta ndinkakana mwamwano, iwo osadziwa chimene alakwa.

Patatha chaka, uthenga unabwera kuti a Sisitere akutifuna tonse awiri. Amayi anaganiza kuti kwabwera mankhwala atsopano, anandiveka diresi labwino. Titafika tinapeza amayi ambiri atakhala pansi pa mtengo, ena ali ndi ana omangidwa nsungwi, ena ali ndi ana opsa ndi moto amene zipsera zinkawakoka manja. Onse anali a mtima umodzi ndi amayi anga, okana kuti ana awo alire. A Sisitere anali atatopa n'kulankhula. Anatiimika kutsogolo, matabwa athu aja atawatsamiritsa pamtengo.

"Ana awa ndi a msinkhu umodzi," anatero. "Anagwa pangolo imodzi, tsiku limodzi, ndinawamanga ndine. Uyu ananyamula. Ananyamula zolemera kuposa zomwe ndinanena, ndipo zimenezo musatengere, koma ananyamula. Uyu sananyamule. Tambasulani, ana inu."

Mnzanga anatambasula mkono wake uli tambalala. Ine ndinatambasula wanga. Amayi aja anang'ung'udza, ena kutsamira kutsogolo kuti aonetsetse. Ndinkafuna nthaka itseguke. Ndinazindikira kuti diresi langa labwino lija ndavalira kudzakhala chitsanzo cha zimene munthu asachite.

"Mkono ukamawawa ndiye kuti ukubwera," anapitiriza a Sisitere. "Ukasiya kuwawa uli chopindika, basi, wakhazikika."

Mayi wina wa ku Msundwe, amene sankatidziwa, analoza ine n'kufunsa mokweza.

"Wamasiye ndi ameneyu eti? Analibe womuyang'anira?"

Amayi anga anali atakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo akanatha kungowerama. Anadzuka.

"Mayi wake ndine," anatero, nakhalanso pansi.

Tinauyamba ulendo wobwerera. Mnzanga anali patsogolo, ife pambuyo. Titafika pakati pa minda, pomwe panalibe anthu, amayi anaima n'kutula katundu wawo. Anandigwira phewa ndi dzanja limodzi, lina anagwira dzanja langa, n'kuyamba kukoka. Anakoka ndi mphamvu zonse zimene ankalimira, mano atalumana, maso ali pankhope yanga kudikira kuti ndikuwe.

"Ukumva kuwawa, mwanawe?"

"Ayi, amayi."

"Nena zoona. Ngakhale pang'ono?"

Ndikanatha kunama, monga anandiphunzitsira iwo omwe panjira imeneyi. Koma mtima wanga unali wodzaza ndi mnzanga uja, amene ankapita uko akugwedeza mikono yonse iwiri, osacheuka, ndipo ndinkafuna kuti wina amve kuwawa m'malo mwanga.

"Ngakhale pang'ono," ndinayankha.

Amayi anandisiya mkono n'kukhala pansi pamzere wa chimanga, miyendo atatambasula, kulira kokweza ngati pamaliro. Ine ndinangoima osawagwira. Anakhala ndi moyo zaka zina makumi atatu, ndipo kufikira tsiku lomwalira sanandilole kuwapatsira kanthu ndi dzanja lamanja.