Antchito Atatu a Mayi Taipi

Mayi Taipi akhala pakhonde loyang'anana ndi ofesi ya penshoni zaka makumi awiri, kulembera anthu makalata. Ine ndimasoka nsapato pambali pawo. Chaka chatha zala zawo zinauma ndi nyamakazi. Kalata imodzi inkawatengera ola, anthu n'kumatopa pabenchi, n'kumachoka. Mwini khonde anati mwezi ukatha zili choncho, malowo apatsa wina.

Mwana wawo wamkazi anawabweretsera makina osindikizira akale, n'kuwaikira pafoni mapulogalamu atatu, aja umangoyankhula iwo n'kumalemba. Mayiwo anawapatsa mayina. Wachangu anamutcha Phuma, wodula Bwana, wotchipa Waganyu.

"Tengani wachanguyo basi, achemwali," ndinatero.

"Inu sokani nsapato. Wantchito salembedwa poona nkhope."

Anawayesa monga ankayesera ophunzira taipi kale. Onse atatu anawauza nkhani imodzi: mayi wamasiye akupempha penshoni ya mwamuna wake. Nambala ya faelo anaisiya dala.

Phuma anamaliza ndisanalowetse ulusi pasingano. Kalata yooneka bwino, nambala ya faelo ili pamwamba.

"Waitenga kuti?" ndinafunsa.

"M'mutu mwake. Ngati inu mukamatchula zaka zanu."

Waganyu anasiya mpata pa nambala, koma m'kalatamo anaika mayi wamasiye uja m'manda n'kudzutsa mwamunayo. Bwana anachedwa mpaka ndinakhoma chidendene chonse. Kenako anafunsa kuti nambala ili kuti, ndipo bamboyo anamwalira liti. Vuto linali mtengo. Malipiro ake a pamwezi ankafanana ndi makalata makumi atatu.

Tsiku limenelo mayiwo sanagamule. Sabata yonse anawayesa ndi makalata akale omwe ankawadziwa pamtima. Anapeza kuti pa zazifupi, monga kupempha tchuthi kapena kusintha keyala, Waganyu salakwa. Phuma anapekanso kawiri. Anamufufuta.

"Bwanayo akudyerani phindu," ndinatero.

"Adye. Kalata yolakwika imabweza munthu miyezi itatu. Akamadzabwera kudzafunsa, sadzayang'ana foni. Adzayang'ana ine."

Anagawa ntchito. Zazifupi kwa Waganyu, za penshoni kwa Bwana. Kalata iliyonse amaiwerengera mwini wake mokweza asanaisindikize, dzina ndi nambala kawiri. Bwana naye anamugwirapo kamodzi atasemphanitsa tsiku. Sanadabwe.

Anthu sanabwerere onse. Kumapeto kwa mwezi mwini khonde anabwera, anaima, n'kuwerenga omwe anali pabenchi. Analipo asanu.

"Ndikupatsani miyezi itatu ina, mayi. Tidzaonanso."

"Mwandiimira pakuwala, bambo," anatero Mayi Taipi, maso ali papepala. Mwini khonde anasuntha, iwo n'kuitana wotsatira.