Kompyuta ya a Mlembi Itayamba Chibwibwi

Pamsewu wopita kudepoti, pakati pa shopu ya matayala ndi malo ometera, pali kachipinda kamene anthu amalowamo akafuna kalata yooneka bwino. Mwini wake amangodziwika kuti a Mlembi. Kale anali kalaliki pakampani ya malole, mpaka matenda a shuga anawalanda maso. Anatha chaka chathunthu ali khale pakhonde, osafuna kuyankhula ndi munthu.

Amene anawadzutsa pakhondepo ndi alamu awo, okonza mafoni. Anabwera ndi kompyuta yakale n'kuikamo pulogalamu yoiyendetsa, yaulere, yokhala ndi mawu owerenga chilichonse chimene munthu walemba. Zala za a Mlembi zinali zisanaiwale kiyibodi, ndiye makutu anangolowa m'malo mwa maso. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi analembera anthu makalata ofunsira ntchito, opepesa, ngakhale achikondi, akazi awo akusoka zovala pakona ya chipinda chomwecho.

Lolemba lina alamu aja anatulukira akupuma befu.

"Alamu, yatuluka pulogalamu yatsopano! Akuti ikuthamanga ngati mphepo. Ndikuikireni?"

"Yakaleyi yalakwanji?"

"Inu, musamakhalire dzana."

A Mlembi anavomera monyinyirika. Pofika masana, kompyuta inali itayamba chibwibwi. Inkawerenga mawu awiri oyamba n'kungoti zii. Akadina batani lofufutira, inkafufuta mwakachetechete, osanena chimene yachotsa. Nthawi zina inkangouma gwa.

Tsiku lomwelo kunabwera mayi wina wofuna kalata yopempha kuti mwana wake asamukire sukulu yapafupi. A Mlembi analemba mongoganizira, nasindikiza. Mayiyo anaiyang'ana, nakhosomola.

"Pepani bambo, apa palembedwa kuti ndikupempha mwana wanga asamuke. Basi. Sukulu palibepo."

Pometera paja anamva, ndipo kuseka kwake kunaboola khoma. A Mlembi nkhope inagwa. Mayiyo atatuluka, anazula chingwe cha magetsi n'kunyamula kompyutayo.

"Mukupita nayo kuti, bambo a kunyumba?" anafunsa akazi awo.

"Kudzala. Ndachita khungu kachiwiri, mayi. Koma ulendo uno wandichititsa ndi mchimwene wanu."

"Ikani pansi. Msana wanuwo ndimautikita ndine."

Alamu ataitanidwa, anaulula kuti kubwezeretsa yakale sankadziwa bwino, ndipo ankaopa kutaya makalata onse osungidwa. Anati nzeru n'kudandaula kwa oipanga.

"Kampani yake iti? Ndiuzeni, bwana wake amve mkwiyo wanga!"

"Ilibe bwana. Amaipanga ndi anthu wamba a m'maiko osiyanasiyana, akaweruka kuntchito. Pali tsamba pa intaneti lolembapo zovuta."

A Mlembi analemba dandaulo la moto, akazi awo ataimika makina osokera kuti aziwawerengera zapasikirini. Atafika pa mawu oti "anthu opanda mitu", mayiwo anasiya kuwerenga.

"Munthu akandibwezera diresi n'kungoti ndine mbuli, ndikonza pati? Koma akati pakhwapa apa pakuthina, ndimasula pomwepo. Auzeni pamene pakuthina."

A Mlembi anakwiya, anamwa madzi, kenaka anafufuta zonse. Analembanso mwadongosolo ngati kalaliki: batani limene adina, mawu amene amva, pamene mawuwo afera. Pomaliza anangoti, "Ine sindiona. Mawu amenewa ndiwo ntchito yanga."

Kwa masiku awiri kunali chete. Ntchito inkayenda mwa kamba, akazi awo akuwerenga mzere uliwonse, madiresi a eni ake akudikira. Lachinayi yankho linafika kuchokera kwa mayi wina wophunzitsa masamu kudziko lakutali, mmodzi wa opanga pulogalamuyo. Anapepesa, n'kuvomera kuti mwa onse amene anayesa pulogalamuyo isanatuluke, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaiyesa ndi makutu okha. Anapempha a Mlembi kuti ayese chigamba chimene anakonza, kapulogalamu kakang'ono kothetsa vutolo.

Choyamba chinakanika. Chachiwiri chinachititsa kompyuta kuwerenga mzere uliwonse kawiri, mpaka wometa uja anafuula kuti, "A Mlembi, mwalemba ntchito mapasa?" Chachitatu, alamu atachiika, mawu aja anawerenga chiganizo chonse mpaka pampumiro. A Mlembi anangosisita kiyibodi, n'kupempha akazi awo kuti abwerere kumakina awo.

Sikuti zonse zinatheratu. Mpaka lero makina osindikizira amafuna kuzimitsa n'kuyatsanso akasindikiza masamba atatu, ndipo a Mlembi amawalalatira ndithu. Koma patsamba lija anapezapo anzawo ena osaona, mmodzi woimba piyano, wina wogwira ntchito yoyankha mafoni, amene anavutika sabata yomweyo osadziwa kokadandaula. Tsopano pulogalamu yatsopano ikatsala pang'ono kutuluka, mphunzitsi wa masamu uja amayamba waitumiza kwa a Mlembi.

Loweruka masana, anthu akachepa, a Mlembi amavala mahedifoni m'makutu n'kuyamba kuisaka zolakwa pakompyuta ina imene alamu anawapezera. Mwezi wathawu anapeza zisanu ndi ziwiri. Anazilemba bwinobwino, chilichonse ndi nambala yake, n'kuuza akazi awo kuti anthu opanga pulogalamu aja akuyesetsa, kungoti amafunika wowayang'anira.