Nsalu ziwiri pa maliro a bambo ku Springburn

Ndinadzuka kunja kukadali mdima, mvula ikugogoda pawindo la kukhitchini. M'nyumba mwathu ku Springburn, mumzinda wa Glasgow, tinalimo atatu okha: amayi, mchimwene wanga Yamikani ndi ine. Malamulo a mliri sankalola anthu kugona pasiwa, choncho tinachezera pa kompyuta ndi abale akumudzi. Nditalowa pabalaza ndinaipeza ikadali yoyaka pathebulo. Ku Ntcheu kunali kutacha kale. Azakhali anali pambali pa moto umene anasonkha dzulo lake, akuimbabe ndi mawu osasa. Maulendo a ndege anali ovuta, ndiye bambo tinayenera kuwaika konkuno.

Bambo ankayendetsa basi mu Glasgow, koma Amalawi ankawadziwa ngati tcheyamani wa nthambi ya chipani china cha kwathu. Chipanicho chitatuluka m'boma, ku Lilongwe kunabuka mkangano wa amene atsogolere aphungu ake m'nyumba ya malamulo. Akuluakulu a chipani anasankha munthu wawo, aphungu nawonso anasankha wawo. Mkanganowo unafika kuno kudzera pa mafoni, ndipo nthambi yathu inang'ambika pakati. A Mbewe, achiwiri kwa bambo, anali mbali ya akuluakulu. A Kamanga, mlembi, anali mbali ya aphungu. Anachotsana pagulu la pafoni, kutchalitchi atatseka, moti panalibe poti n'kukumana n'kupepesana. Bambo anagonekedwa m'chipatala asananene mbali yawo, ndipo atamwalira mbali iliyonse inkati tcheyamani anali wawo.

Kutangoyera, belu la pakhomo linayamba kulira. Amayi akumpingo anali ataphikira m'makomo mwawo, wina ku Govanhill, wina ku Partick. Ankasiya mpunga, nkhuku ndi mandasi pakhomo, n'kubwerera m'mbuyo, n'kugwada pomwepo pa simenti yozizira ya pamasitepe. Sitinagwirane manja. Gogo wachizungu wokhala pamwamba pathu anatsika ndi poto wa supu, atavala chipewa chakuda, ndipo anagwada nawo ngakhale mawondo ankamuvuta.

Kumanda ankalola anthu makumi awiri okha. Usiku wonse zinkandiwawa kuti munthu wokonda chigulu ngati bambo apita mwakachetechete ngati wopanda abale. Koma galimoto ya maliro itafika, titatsika masitepe n'kutsegula chitseko, ndinaima kukamwa kuli yasa. Msewu wonse unali anthu. Anaima motalikirana, masiki kukamwa, maambulera m'manja, kuyambira pakhomo pathu mpaka pakona. Panali ophunzira a kuyunivesite, manesi ochokera kuntchito ya usiku asanavule n'komwe yunifolomu, amayi a mvano mabulauzi oyera akuonekera mkati mwa majekete. Kenako ndinaona mmene anaimira. Kumanzere kwa msewu kunali anthu a Mbewe, kumanja anthu a Kamanga.

Amuna awiriwo anatulukira nthawi imodzi, aliyense nsalu ya chipani itapindidwa pamkono. Nsalu ya a Mbewe inali ndi nkhope ya mtsogoleri wawo, ya a Kamanga nkhope ya winayo. Onse analunjika pa bokosi, akufulumira koma osafuna kuoneka ngati akuthamanga. Mkulu woyendetsa maliro, mzungu wamtali, anatiyang'ana kuti timuuze chochita.

Amayi anaima kutsogolo kwa galimoto.

"Pepani azibambo," anatero. "M'bokosimu muli mwamuna wanga. Nsaluzo fundani nokha, kwazizira."

Mtsikana wina kumanja analephera kudzigwira, anaseka. Kumanzere nakonso mapewa anayamba kugwedezeka.

"Koma nonse awiri mubwere kumanda," amayi anawonjezera. "Ndili nanu ntchito."

Galimoto inanyamuka pang'onopang'ono. Mayi wina anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ndipo mbali zonse ziwiri zinaivomera, poti nyimbo imeneyo aliyense anakula nayo. Mawu anadzaza pakati pa nyumba zazitali zija. Mawindo anatseguka, azungu anasuzumira, ena anavula zipewa. Titafika pafupi ndi malo osungira mabasi, tinapeza madalaivala anzawo a bambo atandanda m'mbali mwa msewu atavala majekete a kuntchito. Anayamba kuwomba m'manja, ndipo basi imene inaima pageti inaliza hutala kwa nthawi yaitali. Yamikani, amene anakulira kuno, anatsitsa galasi n'kuwathokoza mokuwa m'Chingerezi chake cha ku Glasgow. Ine misozi inkatsika koma ndinkaseka, ndikumenya mpando ndi dzanja motsatira nyimbo. Ndinatembenuza foni kuti azakhali aone. Ku Ntcheu kunamveka nthungululu.

Pofika kumanda mvula inali itakata, kutatsala mphepo. Ambiri anatsala kunja kwa mpanda, akuimbabe. Kuno kuli mwambo woti achibale amagwira zingwe zomangidwa ku bokosi potsitsira m'manda. Amayi anapereka chakumutu kwa Yamikani, chakumiyendo kwa ine. Kenako analoza a Mbewe chingwe cha mbali iyi, a Kamanga cha mbali inayo, moyang'anizana. Abusa atamaliza pemphero, bokosi linayamba kutsika. Chingwe chinayamba kuwapulumuka a Mbewe m'manja.

"Pang'onopang'ono, achimwene," anatero a Kamanga.

"Ndamva, achimwene."

Aka kanali koyamba kuyankhulana chigawanikire. Bokosi litafika pansi, onse awiri anali akulira poyera, masiki atanyowa.

Ndikanakonda kunena kuti zinathera pomwepo, koma awa ndi anthu andale. Tisanafike n'komwe pa galimoto, mawu anali atakwera kale pageti. A Mbewe ankati tcheyamani akamwalira wachiwiri ndiye amalowa. A Kamanga ankati msonkhano amaitanitsa ndi mlembi, ndipo mpando udzapita kwa amene adzavoteredwe. Anthu anayamba kubwerera kumbali zawo.

Ndiye mmodzi wa amayi aja anatibweretsera chakudya m'mawa anakweza ambulera yake m'mwamba.

"Inu nonse sitikukukhulupirirani! Msonkhanowo aitanitse ndi mayi athu ofedwawa, ndipo auyendetse ndi iwowo. Ogwirizana nazo akweze mkono!"

Mikono inakwera kumanzere, inakwera kumanja. Manesi anaimba nthungululu m'masiki momwemo. Ophunzira ena ali m'magalimoto analiza mahutala, mpaka wogwira ntchito kumanda anasiya fosholo n'kutiyang'ana. A Mbewe anayang'ana a Kamanga, a Kamanga anayang'ana khamulo, ndipo pomaliza nawonso anakweza mikono, nsalu zija zili m'khosi ngati masikafu. Ine ndinakweza yonse iwiri.

Amayi anadikira phokoso lithe.

"Mundilole ndiyambe ndalira kaye," anatero, n'kulowa m'galimoto.

Madzulo m'nyumba munali zii. Yamikani anagona pasofa osavula taye. Ndinalongedza chakudya chotsala m'firiji, n'kutsuka makapu. Jekete la bambo linali likadali pa msomali kuseri kwa chitseko, ndipo palibe analikhudza. Amayi anavula nsapato, anakhala pampando wa bambo, mapazi pafupi ndi hita. Ndinaganiza kuti agona. Kenako anakokera kompyuta pafupi n'kuvala magalasi.

"Iwe Chikondi, tabwera," anatero chapansipansi. "Pamsonkhano wa pavidiyo, munthu akayamba kulongolola, bambo ako ankadina pati kuti akhale chete?"

Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pawo, ndipo ndinawaonetsa.