Marimu Akuda a Galimoto ya Nangozo

Maganizo opita ku Joni anandibwerera ndili chilili m'munda, chaka chimene chiwawu chinawononga mbatatesi yathu yonse ku Tsangano. Masamba anali atada ngati padutsa moto. Mkazi wanga Nangozo ankakumba phando ndi phando kufunafuna yopulumuka, mwana wathu Tadala ali kumbuyo, ine ndikungoyang'ana. Nditamuuza zimene ndinkaganiza sanatsutse. Anangopempha kuti ndisabwereketse mundawo kwa munthu, adzalima yekha.

Nditafika ku Joni, ntchito ndinaipeza pamalo ena otsukira magalimoto a anthu olemera. Magalimoto ake ndinali ndisanawaonepo, ena ofupika ngati akukwawa, mkati mwake monunkhira kuposa chipinda cha mkwatibwi. Pakati pa antchito panali bambo ena achikulire, a Fernando, ochokera ku Angonia, tsidya lina la msika wa Lizulu. Tsiku loyamba anandimva ndikudandaula ndekha m'Chichewa, iwo n'kuyankha m'Chichewa chomwecho. Ndinatsala pang'ono kugwetsa ndowa.

Kumeneko ndi kumene ndinadziwa kuti kuli penti wa labala. Anthu amapopera pamarimu, zitsulo za pakati pa matayala zija, kuti zide bii, ndipo akatopa naye amamusenda ngati khungu, rimu n'kutsala mmene inalili. Sindinakhulupirire. Kwathu penti akamata wamata.

M'mwezi wanga wachitatu kunabwera galimoto ya mayi wina, marimu ake atapakidwa labalayo kalekale. Labalayo anali atauma ndi dzuwa, akungonyotsoka tizidutswa ngati nkhanambo. A Fernando anali atatumidwa kwina, ndipo ine, pofuna kuonetsa changu, ndinatenga mpeni ndi thina wosungunulira penti n'kuyamba kupala rimu imodzi. Labala anachokadi, koma pamodzi ndi kunyezimira konse kwa rimuyo. Panatsala mizere ya mpeni ndi zigamba zotuwa. Bwana ataona anakalipa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera, n'kundiuza kuti nditenge chikwama changa. Ndinalibe mapepala okwanira okhalira m'dzikomo, ndinalibenso kwina kolowera. A Fernando ndi amene anandipepesera. Anapempha kuti marimu atatu otsalawo ndiwagwire ine ndemwe, iwo ataima pambali, ndipo ngati ndilakwitsanso tichoke tonse awiri.

Tinachotsa matayala n'kuwagoneka panja pomwe pankapita mphepo. A Fernando anandiveka magolovesi ndi chotchinga pamphuno. Kenako anachita chinthu chimene ndinaona ngati misala: anapoperanso labala watsopano pamwamba pa wakaleyo, kanayi konse, mokhuthala. Atauma, anandiuza kuti nditokose m'mphepete ndi chikhadabo.

"Usalimbane naye," anatero. "Kokera pang'onopang'ono. Watsopanoyu anyamula mnzake wakaleyo."

Ndinakoka. Chikopa chakuda chinayamba kutambasuka, chikubwera chathunthu, ndipo pansi pake panatuluka chitsulo choyera mbee, chopanda ngakhale kachipsera. Ndinadziona nkhope m'menemo. Ndinakhala chogwada kwa kanthawi, chikopacho chili m'manja, osamvetsa kuti munthu anaganiza bwanji chinthu chotere. M'makona momwe munatsalira tinadontheza mafuta ofewetsa, kudikira, n'kupala ndi kapulasitiki. A Fernando anandichenjeza kuti mafutawo asakhudze mabuleki, ndipo pomaliza tinatsuka ndi sopo. Ntchito sinandithere, ndipo m'kupita kwa nthawi marimu onse ovuta ankapatsidwa kwa ine.

Ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ina yochepa, ina yooneka, ndipo ndinkadziona ngati mzati umene wagwira denga lonse la kwathu. Zoti ndinkagona m'kachisakasa ka malata ndi anthu anayi sindinkanena. Lamlungu ndi limene linkapweteka. Ndinkakhala pakhomo kumvetsera mauthenga a mawu amene Nangozo ankatumiza pa foni, nthawi zina osatsatira n'zimene akunena, kungofuna kumva tambala akulira kumbuyo kwake. Tsiku lina Tadala analanda foniyo n'kundifunsa ngati ndine wamtali kapena wamfupi. Sabata yomweyo ndinatsanzika a Fernando.

Basi inanditsitsa pa Lizulu tsiku la msika, pomwe Nangozo anati tikumane. Ndinayenda mzere wonse wa amayi ogulitsa mbatatesi m'zidebe, kuyang'ana nkhope imodzi imodzi, osamupeza. Ndiye kumbuyo kwanga kunalira hutala. Inali pikiapu yoyera, yakale ndithu, itasenza matumba a kabichi. Pachiwongolero panali mkazi wanga, chigongono chili pawindo.

"Kwerani, bambo a Tadala. Kapena mudikira ngolo?"

Ndinaima kukamwa kuli yasa. Chaka chathacho anandiuzadi kuti iye ndi anzake agula choyendera, koma ine m'mutu mwanga ndinaona ngolo ya ng'ombe. M'njira anandifotokozera kuti anagwirizana atatu: iye, mlamu wake wina wamkazi, ndi mayi Asiyatu amene ali ndi golosale pa Lizulu pomwepo. Ankagula mbewu kwa alimi a kumapiri n'kumakagulitsa ku Nsipe ndi ku boma. Kuyendetsa anakaphunzira yekha ku Ntcheu, kusiya Tadala kwa agogo ake.

Titafika kunyumba maso anga anagwera pamarimu. Mwini wake woyamba anawapaka labala uja, ndipo tsopano anali atasanduka mathothomathotho. Nangozo anati akhala akumuchititsa manyazi, ndipo makaniko wina anamulangiza kuti akwechese ndi waya wotsukira mapoto atanyika m'petulo. Anali atagula kale wayayo. Ndinamupempha kuti andipatse tsiku limodzi.

M'mawa mwake amayi atatu aja anasonkhana pabwalo. Tinatchinga galimoto ndi miyala, kuikweza ndi jeke, n'kumachotsa tayala limodzi limodzi. Labala wopopera kunalibe, choncho tinagoneka matayala padzuwa, kuthira madzi ofunda kuti chikopa chifewe, n'kudula tizidutswa ta chigubu chakale topalira. Pouma kwambiri tinkapaka parafini pang'ono ndi kansanza, nditayamba ndayesa kuseri kwa rimu, ndipo mbaula tinaisunthira kutali. Ndinafotokoza kamodzi kokha.

Zimene ndinaona pamenepo sindidzaiwala. Ntchito imene ine ndinaiphunzira ndi misozi, amayiwa anaigwira ngati anabadwa nayo. Zala zawo zinkapeza m'mphepete mwa chikopa pomwe maso anga sankaona. Mayi Asiyatu anatulukira kuti ukamafikisa ndi chala chachikulu labalayo amakulungika ngati ulusi, n'kuchoka osafuna chopalira. Zaka zonse zija ku Joni palibe anandionetsa zimenezo. Ankagwira akucheza za mtengo wa feteleza ndi za dalaivala wina wa lole amene anafuna kuwapondereza pa Nsipe, mmene anamubwezera mpaka anapepesa. Ine ndinkangomvetsera nkhani za moyo wathunthu umene unkachitika ine kulibe. Dzuwa lisanapendeke marimu onse anayi anali akuwala, opanda kachipsera n'kamodzi komwe.

Loweruka ndinapita nawo kokatenga katundu kumidzi ya kumtunda. Msewu unali woterera ndi mvula ya usiku, chifunga chitaphimba mapiri, koma Nangozo ankadziwa dzenje lililonse ndi pofunika kusintha giya. Paliponse pomwe tinkaima anthu ankatuluka m'minda akumuitana ndi dzina, ena atasenza kale matumba. Pamudzi wina, nkhalamba ina imene inandidziwa ndili mwana inasuzumira pawindo, n'kundiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako inatembenukira kwa mkazi wanga n'kufunsa mwaulemu kuti alendowa ndi ndani.

"Ndi bambo a kunyumba," anayankha Nangozo. "Abwera kumene."

Nkhalambayo inandigwira chanza ndi manja awiri, n'kundiuza kuti ndili ndi mwayi, ndakwatira pabwino. Ndinavomera. Kenako ndinatsika, n'kupinda malaya, kuyamba kukweza matumba pomwe Nangozo ankandilozera.