Mbale za Amayi M'kalavani ya a Kamwendo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anandipatsa ntchito yanga yoyamba yeniyeni. Iwo anali kalipentala pa Neno boma, ndipo poti ine ndinali mwana woyamba, alongo anga akadali aang'ono, ndine ndinkawathandiza ndikaweruka kusukulu. Ndinkasesa utuchi ndi kugwirira thabwa iwo akamacheka. Anthu ankaseka kuti mtsikana akufunanji pa sowo, koma ine zinkandikomera kuposa kukwecha miphika.

Chaka chimenecho kunabwera a Kamwendo, bambo wina amene anakhalitsa ku Joni. Anabwerako ndi galimoto yakale ikukoka kalavani, kanyumba ka matayala awiri kokhala ndi khomo ndi timazenera. Ankagula mbatatesi ndi manachesi m'midzi ya kumapiri, ndipo ankafuna kuti akapita kutali azigona momwemo m'malo movutitsa eni mudzi. M'katimo munali bedi lokha basi. Anapempha bambo kuti awakhomere makabati awiri, ina pansi, ina m'mwamba pafupi ndi denga.

Bambo anasiya mbawa imene ankaikonda, n'kutenga paini. Anati nyumba yoyenda sifuna katundu wolemera. Ankayeza malo amodzi kawiri kapena katatu chifukwa denga linali lokhota, ndipo pa chitseko chilichonse anaikapo kotsekera kuti chisamatseguke panjira. Fungo la paini wopalidwa kumeneyo ndimalimvabe ndikadutsa pamene akucheka matabwa.

Chovuta chinali kumangirira kabati ya m'mwamba. Khoma la kalavani linali kathabwa kopyapyala, koma kuseri kwake kunali nthiti zachitsulo. Bambo anandiphunzitsa kuzipeza pogogoda ndi chala. Pamene pankalira ngati chitini chopanda kanthu panalibe chogwira, pamene pankamveka gwa m'pamene panali chitsulo. Atangomanga misomali yamazinga iwiri, kunabwera uthenga woti ku Midzemba kwagwa maliro ndipo bokosi likufunika tsiku lomwelo.

"Esinati, isanu ndi umodzi yatsalayi ndi yako," anatero akundipatsa chobowolera. "Uboole pachitsulo. Usathamange."

Ndinanyada kwambiri, koma kunyadako sikunachedwe kutha. Kuboola chitsulo ndi chobowolera chamanja si masewera. Bowo loyamba linandisiyira matuza, lachiwiri linawaphulitsa. M'kalavanimo munkatentha, ndipo panja ndinkamva anzanga akusewera fulaye. Ndinasuntha pang'ono chabe, mwina zala ziwiri kuchoka pachitsulo, ndipo msomali wachitatu unangolowa ngati m'nthochi yakupsa. Itatu yotsalayo ndinaimaliza momwemo, mosavuta. Ndinaima n'kuyang'ana, ndipo yonse inkaoneka chimodzimodzi.

Chimene ndinaiwala n'chakuti bambo sankapereka ntchito asanaiyese ndi zinthu zawo. Mpando ankaukhalira okha n'kumadzigwedeza, bedi ankatikwezapo anafe kuti tidumphe. M'mawa mwake anauza amayi kuti atulutse mbale zawo zadothi. Zinalipo zisanu ndi imodzi, za maluwa obiriwira m'mbali, zimene mayi awo anawapatsa pa ukwati asanamwalire. Zinkatuluka pa Khirisimasi pokha, kapena kukabwera abusa.

"Bambo a Esinati, zimenezo ayi. Tengani zapulasitiki," anatero amayi.

"Zapulasitiki zitiuza chiyani? Ine ndikaopa kuikamo zanga, a Kamwendo aikamo bwanji zawo?"

Kenako anatembenukira kwa ine. "Yonse yagwira chitsulo, eti?"

"Eee, bambo."

Sanagogode n'komwe. Anaika mbalezo m'kabati ya m'mwamba, n'kuwonjezeramo mapoto ndi kathumba ka nyemba kuti ilemere monga mmene izidzalemerera paulendo.

Tinatenga msewu wa ku Ligowe, a Kamwendo akuyendetsa, ine nditakhala kumbuyo kwa galimoto, maso ali pa kalavani imene inkadumpha pambuyo pathu. Aliyense wodziwa misewu yakwathu akudziwa mmene inalili. Pa dzenje lililonse pakamwa pankafuna kutseguka, koma ndikaganiza zoulula bodza pamaso pa mlendo, manyazi ankanditseka. Ndinkadziuza kuti ndinena tikafika pamtengo uwo, tikafikapo ndinkasankha mtengo wina.

Pamtsetse wina wamiyala panamveka chiphokoso, ndipo galimoto inaima. Titatsegula khomo tinapeza kabati ikulendewera mbali imodzi, chitseko chake chitazuka, nyemba zili mbwee pansi pamodzi ndi zidutswa zoyera. Palibe mbale imene inapulumuka. Bambo anayendetsa chala pa mabowo anayi ong'ambika pakhomapo, n'kugogoda pambali pake kamodzi. Sanandiyang'ane.

"Cholakwa n'changa, a Kamwendo," anatero. "Mawa mudzaipeza ili bwino."

Kunyumba ananenanso mawu omwewo. Amayi sanakalipe. Anakhala pakhonde, n'kuyala zidutswazo pachitenje, n'kumayesa kulumikiza maluwa aja, ngakhale ankadziwa kuti sizingatheke. Zimenezo zinandipweteka kuposa chikwapu chilichonse. Ndinagwada pambali pawo n'kuulula zonse ndikulira.

"Ukanangonena tisananyamuke, mwanawe," anatero amayi motsitsa.

Ndinkalakalaka bambo atandimenya kuti nkhani ithe, koma sanatero. Kutacha anandimanga kansalu m'manja n'kundipatsanso chobowolera. Anagwirira kabati ndi phewa lawo mpaka ndinaboola mabowo onse pachitsulo, ndipo zinatenga m'mawa wonse. A Kamwendo anayenda ndi kalavaniyo zaka zambiri kabatiyo osagwedera. Amayi sanagulenso mbale zadothi, abusa ankadyera m'zapulasitiki ngati ife tonse.

Kwa nthawi yaitali ndinkawaimba mlandu bambo mumtima, kuti bwanji sanagogode okha khomalo, poti zikanawatengera kamphindi chabe. Ndinadzamvetsa nditabereka anga ana. Sanagogode chifukwa anali atandifunsa, ine n'kuyankha, ndipo kwa iwo mawu a mwana wawo anali okwanira kuikapo chinthu chimene mkazi wawo ankachikonda koposa zonse m'nyumbamo. Mpaka lero, munthu akandifunsa ngati ndamaliza ntchito, ndimayamba ndakhala kaye chete ndisananene kuti eee.