Matanki a m'bwato la aneba

Aneba athu, omwe anapuma pa ntchito yokonza mapaipi, sadziwa kukhala pansi. Tiyi amamwa ali chiimire, maso ali kudoko kumene kuli bwato lawo la matanga. Akufuna kukaona mwana wawo amene anakwatiwa kutsidya kwa nyanja, koma akazi awo akukana kukwera.

"Madzi akumwa akatifikitsa? Nanga thanki ya chimbudzi ikadzaza tili pakati panyanja?" amafunsa mayiwo.

Matankiwo ndi opindika motsatira mimba ya bwato, ndiye tepi yoyezera siithandiza kudziwa kukula kwake. Aneba amathiramo madzi ndi ndowa, akuwerenga chamumtima. Munthu akangowapatsa moni amasokonezeka, n'kukhuthula madzi onse, n'kuyambiranso.

Tsiku lina anabwera kunyumba buluku lili lonyowa.

"Amayi, madzi akumwa akwana. Koma thanki ya chimbudzi ingakwanire munthu mmodzi yekha."

Mayiwo anawatulutsira chikwama. "Pitani nokha, bambo. Mwatizunguza mutu mokwanira. Mukandiperekere moni."

Aneba sanapite. M'mawa mwake ndinawapeza m'bwato akuphwasula kabati yawo ya zipangizo kuti pakwane thanki yaikulu.

"Ndikafika ndekha," anatero osatukula mutu, "mwana akandifunsa za amake ndikayankha chiyani?"